Nkhope Imene ba Nason Anaikiza

Aliyense amene anadutsapo pa Rufunsa pa basi, kupita ku Chipata kapena kubwerera ku Lusaka, anawerengapo dzanja la ba Nason ngakhale sanawaonepo maso ndi maso. Magolosale, malo ometera tsitsi, tchalitchi cha kuseri kwa msika, mawu a kumbuyo kwa maminibasi a ku Mpanshya, zonsezo analemba munthu mmodzi wamfupi wa chipewa chothimbirira penti, amene ankayenda ndi maburashi m'chitini cha mkaka chomangirira pa njinga. Pofika chaka chatha anali atasiya kulemba, ndipo chimene ankafuna pa dziko chinali chimodzi chabe: kuti nkhope ya akazi awo, malemu ba Petronella, ikhale pa mwala wa pamanda awo. Mwalawo unali utasemedwa kale ku Lusaka, wakuda bii, dzina ndi zaka zili pomwepo. Pamwamba pake anasiya malo ozungulira ngati dzira, opanda kanthu, kudikira nkhope.

Ba Nason anabadwira ku Shikabeta. Amai awo anali m'gulu la akazi amene nyumba zawo zimadziwika patali, chifukwa akamaliza kuzira ankakongoletsa khoma ndi dothi lofiira, loyera ndi makala osinja. Mwanayo ankatola zotsala m'mapale nkumajambula kuseri kwa nkhokwe. Atakula anatsikira ku msewu waukulu kukakweza matumba a makala m'malole, ndipo kumeneko dalaivala wina anawapeza akujambula mvuu ndi chala pa chitseko cha fumbi. Anawapatsa chitini cha penti yotsala kuti alembe dzina la mwana wake pa lole. Matumba a makala anathera pamenepo.

Kagwiridwe kawo ka ntchito anthu akale a pamsika amakakumbukabe. Ankapaka chingwe makala, kuchikoka pa khoma, kuchitukula pakati nkuchisiya kuti pha! Mzere wowongoka unali pomwepo. Zilembo ankadula pa mapepala olimba a ekisire amene anthu amabwera nawo kuchokera kuchipatala nkusowa nawo chochita, mwakuti ukayang'ana A wa ba Nason padzuwa unkaona nthiti za munthu m'kati mwake. Ankakonda kunena kuti chilembo chikadulidwa bwino kamodzi chimabereka ana ofanana nacho mpaka kalekale. Pa ntchito yawo mawuwo anali oona.

Ba Petronella anakumana nawo pa khoma. Iwo ankaphika tiyi ndi kukazinga vitumbuwa m'kanyumba kodyera ka pafupi ndi poima mabasi, ndipo mwini nyumbayo anaitana ba Nason kuti ajambule tambala kutsogolo. Mtsikanayo anatuluka ndi ketulo m'manja, nkuima kumbuyo kwa makwerero.

"Ba penta, nkhuku yanu iyi yadwala chitopa?"

"Ni tambala uyu, mai."

"Tambala wa khosi la nkhanga? Anthu azathawa, azaganiza kuti tiphika zofa zokha. Ngati ndinu katswiri, jambulani munthu tione."

Ba Nason anatsika, nafafaniza tambalayo, najambula munthu. Zinawatengera nthawi yaitali dala. Pamene khoma linkauma, akuluakulu a mbali ziwiri anali atayamba kale kuyenderana.

Chodabwitsa nchakuti ba Petronella sankafuna kamera. Anali ndi mpata pakati pa mano akutsogolo, ndi chipsera pamwamba pa nsidze pamene mafuta otentha anawathovukira ali wamng'ono. Wojambula akaloza kamera, iwo ankatseka pakamwa ndi chitenje nkupotoloza khosi. Zithunzi zochepa za ukwati chiswe chinadya m'sutikesi. Cha pa chitupa chinali kanthu kakuda ngati podinda chala. Koma pa khoma paja ankaseka pakamwa ponse, mpata poyera, chipsera pamalo pake, duku la buluu, ketulo kudzanja limodzi, thireyi ya vitumbuwa kwinako. Pakapita zaka zingapo penti ikayamba kufwifwa, ba Nason ankabwera kudzaitsitsimutsa osauza munthu, ndipo ankawonjezera timakwinya timene taonekera chatsopano. Mkaziyo ankadandaula kuti amuna ena amachotsera akazi awo zaka, koma wake amamuwonjezera pamaso pa mabasi onse a ku Chipata. Chithunzicho chinakalamba limodzi ndi mwini wake.

Kenako ntchito inayamba kuchepa. Kunabwera zinsalu za pulasitiki zosindikiza pa makina, zimene munthu amaitanitsa pa foni m'mawa nkuzilandira pa basi ya madzulo, zili ndi nkhuku yeniyeni yonyezimira mafuta. Ba Nason sanakangane nazo. Dzanja lawo lamanja linali litayamba kunjenjemera, poyamba pokweza kapu, kenako pogwira burashi. Ba Petronella atadwala nkumwalira, bamboyo anakoloweka njinga kudenga. M'mawa uliwonse ankabwera wapansi kudzakhala pa benchi moyang'anana ndi khoma lija, kuvula chipewa nkunena kuti, "Mwauka bwanji, amake Melody?" Akatero ndiye ankapereka moni kwa amoyo.

Nyumba yodyera ija inali itagulidwa ndi Donald, mwamuna wa ulemu wake. Tsiku lina anadzakhala pa benchi pomwepo, nkuyamba ndi nkhani za mvula ndi za feteleza. Pomaliza ananena chimene anadzera. Kampani ina ya zakumwa inkapenta masitolo onse a m'mbali mwa msewu ndi mtundu wake wachikasu, ulere, ndipo khoma lake linali litayamba kugamuka. Ba Nason anamvetsera mpaka kumapeto, nati nyumba ndi ya mwini wake. Anangopempha kuti ayambe adikira kubwera kwa Melody.

Melody ndi mwana wawo yekhayo, amagulitsa salaula, zovala za kaunjika, ku Lusaka. Anabwera ndi foni imene anagulira atate ake, yogwiritsidwapo kale ntchito koma ya kamera yabwino, nafuna kuima pafupi kuti atenge nkhope yokha.

"Awe, bwerera kumbuyo," anatero ba Nason. "Zilembo zanga zili kuti? Ketulo ili kuti? Woloka msewu, khoma lonse lilowe."

"Batate, amai azaoneka ang'ono."

"Amako sanakhalepo ang'ono. Woloka."

Melody anawoloka, nadikira kuti lole idutse, najambula. Pa foni khoma lonse linalowadi, ndi denga, ndi njinga ya munthu wina. Ukatambasula ndi zala ziwiri nkhope inkabwera yonse, mpata ndi chipsera zomwe. Anasiya foniyo m'manja mwa atate ake nabwerera ku tauni.

Kwawo kwa ba Nason munthu wanzeru sasunga mbuzi zonse m'khola limodzi. Amaikiza ina kwa mlamu, ina kwa msuweni wa tsidya lina la mtsinje, kuti matenda kapena fisi akalowa pakhomo mbewu isathe. Chimenecho ndicho anachita ndi chithunzi. Anapita kwa Obby, mwamuna wa kabenchi ka pakhomo la msika amene amatchaja mafoni, kuika nyimbo ndi kumata magalasi, namuuza kuti atumize khomalo pa gulupu ya banja, mmene munali abale a mbali zonse ziwiri, a ku Shikabeta, a ku Mpanshya, a ku Lusaka, ena ku Kopabeti. Obby anatumiza. Mayankho anagwa ngati matalala, timanja topemphera ndi timitima. Ba Nason anabwerera kunyumba mtima uli m'malo. Opaka penti atabwera ndi migolo yawo yachikasu, iwo sanapite kukaonerera, koma sanalirenso. Mbuzi inali m'makola ambiri.

Patapita miyezi foni inayamba kukana kulandira mauthenga. Anabwereranso kwa Obby.

"Bamudala, foni yanu yadzaza monga minibasi ya pa Lolemba. Ngakhale kondakitala alibe pokhala."

"Tsitsa ena."

"Maulaliki aya nitsitse? Nanga mavidiyo a mbuzi yovina, ndani akutumirani izi?"

"Ni mulamu wanga Mordecai. Tsitsa zonse."

"Ichi cha khoma nacho ni chikulu. Nichisiye?"

"Si chija unatuma pa gulupu?"

"Ni chomwecho. Koma shuwa nichotse?"

"Iwe Obby, mbuzi ukaikiza sugonanso nayo m'nyumba. Chili kwa Mordecai, chili kwa Melody, chili ku Kopabeti. Chotsa."

Obby anachotsa, ndipo poti ndi munthu wogwira ntchito mosamala, anasesa ndi m'dzala mwa foniyo momwe, ndi zonse zobwera pa gulupu, kuti malo apezeke ambiri. Foni inayamba kuthamanga bwino. Ba Nason anamuyamika.

Nthawi yoika mwala itayandikira, Melody anapeza malo ku Lusaka kumene amasema miyala ya pamanda ndi kusindikiza zikwangwani. Wa pa kompyuta kumeneko anali mai wina dzina lake Happiness, ndipo iye ndiye anapempha failo ya chithunzi. Foni ya Melody inali itabedwa pa siteshoni, choncho anafunsa pa gulupu. Apa ndiye makola anayamba kutsekulidwa limodzilimodzi. Ambiri sanachitsitse nkomwe chithunzicho, poopa kutha mabandulo. Anangoona chimbuuzi cha mitundu pa galasi, nkudziwa kuti ndi amake Melody, nkutumiza kamtima. Atayesa tsopano foni inawauza kuti chinthucho kulibenso. Ena anasintha mafoni, ena anasesetsa kwa a Obby akwawo. Chinapezeka kwa ba Mordecai okha, mlongo wake wa malemu. Nawonso sanasunge chimene chinatumizidwa. Mwana wawo anachiika pa kabwalo kakang'ono ka nkhope ya pa foni masiku a chikumbutso, iwo nkujambula galasi la foni kuti chikhale chawo.

Ba Nason anakwera basi ndi chipewa chatsopano kupita kukaona okha. Happiness anawapatsa mpando pafupi ndi iye, natsekula chithunzicho. Pa galasi panaoneka khoma, kakang'ono ngati bokosi la machesi. Atakulitsa pamene panali nkhope, panabwera timabokosi, tina tofiirira, tina takuda, tina ta buluu pamwamba, tosanjikizana ngati njerwa.

"Konzani magalasi a makina anu, mai," anatero ba Nason. "Sanakhale bwino."

"Batate, makina ali bwino. Chithunzi cha mu foni ni timadontho, monga mikanda. Chimene ba Melody anajambula chinali na timadontho mamiliyoni khumi na awiri. Mukatuma pa gulupu monga chithunzi wamba, foni ichifinya kuti chipepuke, itaya tambiri. Mukanatuma monga dokyumenti chikanafika chonse. Manje ichi ni chithunzi cha chithunzi cha chithunzi. Nkhope yonse, kuchoka khutu ili kufika ili, ni timadontho makumi anayi. Mwala ufuna kupitirira chikwi."

"Koma ni chomwecho chimene tinatuma."

"Dzina ni lomwelo. Failo ya mtundu uwu tiitcha JPEG. Ili monga thumba la makala. Mukalikweza, mukalitsitsa, mukalithira m'thumba lina, makala aphwanyika, ndipo fumbi silibwerera."

Matumba a makala ba Nason ankawadziwa.

Happiness anawauza kuti makina osemera mwala amadya zinthu ziwiri. Choyamba ndi chithunzi chachikulu chosafinyidwa, chimene iwo analibe. Anawaonetsanso chimene pulogalamu ina imachita ikapatsidwa timabokosi totere: imalota nkhope nkudzaza mipata yonse yokha. Anadina, ndipo pa galasi panatuluka mkazi wokongola, wa khungu losalala, wa duku la buluu, akumwetulira milomo ili yotseka.

"Ni ndani uyu?" anafunsa ba Nason.

"Palibe, batate. Sanabadwe. Nangokuonetsani chabe kuti mudziwe."

Chachiwiri chinali chimene Happiness anachitcha vekita. Anati failo imeneyo sisunga madontho, imasunga njira imene dzanja linayenda, pamene mzere unayambira, pamene unakhotera, pamene unathera. Ungaichepetse ngati batani kapena kuikulitsa ngati khoma la sitolo, mzere umakhala wakuthwa chimodzimodzi. Ba Nason akanajambula nkhopeyo pa pepala loyera ndi inki yakuda, iye akanailowetsa m'kompyuta nkuisandutsa vekita, makina nkutsata dzanja lawo pa mwala.

Kwa nthawi yoyamba chifikireni, bamboyo anaseka. "Ndiye pepala langa la ekisire limenelo! Chodulidwa kamodzi, chobereka ana ofanana."

"Chimenecho, batate."

"Nanga bwanji mafoni sasunga zonse mwa njira imeneyo?"

"Kamera siona mizere. Mizere iona munthu."

Anabwerera ku Rufunsa ndi mpukutu wa mapepala ndi zolembera zakuda zimene Happiness anawapatsa, akuuza aliyense m'basi kuti mwala wa akazi awo udzalembedwa ndi dzanja lawo lomwe.

Anatulutsa tebulo pansi pa mtengo wa mango nayamba. Dzanja linkanjenjemera, koma anapeza njira: kuligwira pamkono ndi lamanzere nkukoka mzere msanga, mpweya uli m'kati. Ketulo inatuluka bwinobwino, ndi pamene inaphwanyika chogwirira nkumangidwa ndi waya. Thireyi inatuluka. Mfundo ya duku inatuluka. Atafika pansi pa duku, cholembera chinaima. Anajambula maso, anakhala a Melody. Anatenga pepala lina, anakhala a amai awo a ku Shikabeta. Zaka zonsezi sankafunika kukumbukira nkhopeyo, chifukwa inali pa khoma m'mawa uliwonse, ndipo potsitsimutsa penti ankangotsata mizere imene inalipo kale, mwini wake ataima pambali akunyoza. Tsopano anapeza kuti mawu a ba Petronella ali nawo onse, kaseko kali m'makutu, fungo la mafuta ndi sopo lili m'mphuno, koma nkhope ikabwera inkangoima pakhomo pa maso nkubwerera.

Anaimbira Melody. "Chipsera cha amako chinali mbali iti?"

"Kumanzere, batate."

"Kumanzere kwawo kapena kwa woyang'ana?"

Melody anayamba kulira. Ba Nason anadula foni. Anafunsa akazi a pamsika amene anakazinga nawo vitumbuwa zaka zambiri. Wina anati kumanja, wina kumanzere, wina anati kodi anali ndi chipsera? Onse anagwirizana kuti anali munthu wabwino.

Atatha mapepala, anatenga lezala ndi kabotolo ka mafuta osungunulira penti napita kwa Donald. Iwo ankadziwa kuti penti yatsopano imakhala pamwamba pa yakale, ndipo munthu wodekha angathe kuisenda. Donald anakanda mutu poganiza za eni chikasu chija, koma anawatulutsira makwerero ake omwe. Ba Nason anayeza ndi maso kuchokera pa zenera, pamene diso lamanja linkakhala, nayamba kupala pang'onopang'ono dzuwa lili pamutu. Basi inaima, anthu natsika kukagula nthochi.

"Bamudala, golide akumba kumapiri uko, osati pa khoma!" anakuwa kondakitala, anthu nkuseka.

Chikasu chinachoka. Pansi pake panali choyera cha poyambira. Anapala choyeracho, ndipo pansi pake panali simenti yotuwa, yatsopano. Anasuntha chikhatho chimodzi, simenti. Anatsika pamene panali pakamwa, simenti. Donald, ataima pansi kugwira makwerero, anakumbukira mochedwa kuti anyamata a kampani aja anapeza khoma likugamuka, ndiye analigogoda lonse ndi nyundo nkulipaka pulasitala watsopano asanapente. Anagwira ntchito yabwino. Zogumukazo anakwirira nazo maenje a kutsogolo kwa nyumbayo, pamene mabasi amaima.

Ba Nason anatsika. Pa ngodya ya zenera, pamene nyundo sinafike, anapeza kachibenthu ka penti ya buluu kochepa ngati chikhadabo. Anakachotsa ndi lezala nakaika m'bokosi la machesi.

Anatumiza kwa Happiness pepala la ketulo lija, mosamala, pa basi, lili pakati pa makatoni awiri. Iye analisandutsa vekita, ndipo linatuluka lakuthwa, ndi kunjenjemera kwa dzanja komwe kukuoneka m'mizere. Anati lingakhale bwino pa mwala, ndipo ba Nason anavomera kuti ngati nkhope yakana, pakhale ketulo. Koma Melody, pofuna kuonetsa abale chifukwa chimene nkhope yalepherekera, anali atatenga kwa Happiness nkuika pa gulupu zithunzi zonse ziwiri, timabokosi tija ndi mkazi wolotedwa ndi makina uja, nalemba kuti uyu si amai. Chithunzi cha mkazi wolotedwayo aliyense anachitsitsa, mabandulo osawaumira. Timitima tinagwa kuposa poyamba paja.

Ba Mordecai anabwera pa njinga kuchokera ku Mpanshya.

"Mulamu, namva kuti mufuna kuika ketulo pa manda a mlongo wanga."

"Ni ketulo yake."

"Anthu azati chiyani? Azati apa pagona wogulitsa tiyi."

"Anali wogulitsa tiyi."

"Chithunzi chilipo, chabwino, choyera. Ine niona Petronella ali mtsikana, mukalibe kumudziwa imwe."

"Mpata wa mano uli kuti? Chipsera chili kuti?"

"Watseka pakamwa, monga ankachitira pa kamera. Chipsera mufuna chipite naye mpaka kumwamba? Iye sankachikonda. Mulamu, tinakupatsani wamoyo, munamusunga bwino, sitikana. Koma manda ni a kwathu."

Mwambo ulidi choncho, ndipo ba Nason anagonja. Happiness anaimbira Melody kufunsa ngati banja latsimikizadi, nafunsanso kachiwiri. Melody anali atatopa, mvula inali pafupi, abale a kutali anali atapempha kale tchuthi ku ntchito. Anati asemeni.

Tsiku lovundukula mwala kunatentha kwambiri. Kwaya inaimba, nsalu yoyera inachotsedwa, akazi naliza nthungululu. Ntchitoyo inali yaukhondo, tsitsi lililonse la nsidze likuoneka, chifukwa failo imeneyo inali yaikulu ndi yosafinyidwa monga makina amafunira. Anthu ankati, "Koma anali wokongola!" Adzukulu anakankhidwira kutsogolo kuti aone ambuye awo, ndipo wamng'ono anasisita tsaya la pa mwalalo ndi chala. Ba Nason anaitanidwa kuti aike nkhata ya maluwa. Anavula chipewa, nawerama, naika. Anawerenga dzina, naona kuti zilembo zakhala bwino pa mzere. Pamwamba sanayang'anepo nthawi yaitali, koma kuyang'ana kumeneko kunakwana.

Masiku ano amabwerabe pa benchi m'mawa, bokosi la machesi lili m'thumba la malaya. Donald sanapentenso pamene anapala paja, mwakuti pa khoma lachikasu pali zigamba zitatu za simenti, ziwiri pamwamba, chimodzi pansi. Obby anawauza kuti angawaikire chithunzi cha pa mwala chija kutsogolo kwa foni, poti nchoyera ndipo sichingaphwanyike. Iwo anati foni ikhale momwe ilili.

Chimene sauza munthu aliyense koma Melody nchakuti akatseka maso kuti afune amake Melody, tsopano nkhope imabwera msanga, yonse, yosavuta. Ndi ya mkazi wa pa mwala uja, wa khungu losalala, milomo ili yotseka. Amatsekula maso mofulumira nkuyang'ana pa simenti.

"Mwauka bwanji, amake Melody?"

Basi ya ku Chipata imaima pa maenje okwiriridwa aja, anthu nkutsika kukagula nthochi.